Denga likudontha, alandilodi akuti "mawa": mmene ophunzira a ku Thyolo ndi Mulanje angakonzetsere nyumba ya lendi

Chitsegulireni yunivesite ya MUST ku Ndata m'chaka cha 2014, anthu a ku Goliati ndi midzi yoyandikana nayo akhala akumanga zipinda za lendi, poti si ophunzira onse amene amapeza malo ogona pa kampasi. Ku Makwasa kumene kuli koleji ya Malamulo, ku Luchenza ndi pa boma pa Mulanje nakonso kuli achinyamata okhala m'nyumba za eni, ena ali pa kozi, ena abwera kudzachita pulakitiko m'zipatala. Nyumba zina mwa izi zinamangidwa mothamanga: njerwa zomangira dothi, simenti yongopaka kunja, malata opyapyala, mitengo ya bulugamu yosauma bwino. Komatu kuno ndi kwa tiyi, ndipo tiyi amamera kumene kuli mvula. Imagwa kuyambira Novembala mpaka Epulo, kenako mu Juni ndi Julayi chiperoni n'kubwera, masiku angapo dzuwa osaoneka. Nyumba yomangidwa mwachidule siichedwa kufooka m'dera lotere.

Gwirani ichi poyamba: nyumba ya lendi imakonzedwa pamene ndalama ya lendi ikadali m'manja mwanu. Alandilodi ambiri kuno si oipa mtima, koma alibenso ndalama yongokhala yodikira denga. Lendi ikalowa pa foni lero, mawa yapita ku feteleza, ku fizi ya ana, kapena yakabweza ngongole ku banki m'khonde. Mukabwera pakati pa semesita ndi nkhani ya loko, amakuyankhani kuti "tiona", ndipo mwina akunena zoona, kungoti m'thumba mulibe. N'chifukwa chake zambiri zimene zikutsatirazi zamangika pa tsiku lolipira.

Yambani musanapereke ngakhale tambala

Chipinda chimene mukuchiona mu Seputembala, kunja fumbi lili koboo, chimaoneka chabwinobwino. Inu mukuyenera kudziwa mmene chimakhalira mu Januwale. Lowani masana, tsekani chitseko ndi mawindo, kwezani maso. Ngati mulibe siling'i, paliponse pamene pakuoneka kadontho ka kuwala pa malata ndi pamene padzalowere madzi. Malata amene anagwirapo ntchito pa nyumba ina amabwera ndi mabowo a misomali yakale, ndiye musadabwe mukawerenga ambiri. Ngati siling'i ilipo, funani mabanga a bulauni ozungulira, kapena bolodi limene lafufuma n'kulendewera pakati. Bolodi limodzi lokha likakhala ndi penti yatsopano anzake onse ali akale, pamenepo pali chimene akubisa.

Mukatero weramani. Gwirani khoma kuyambira pansi mpaka m'mabondo. Likakhala lozizira, penti ikusupuka, mchere woyera ukutuluka m'njerwa, ndiye kuti chinyezi chikukwera kuchokera m'maziko, kawirikawiri chifukwa amisiri sanayale pepala lakuda la pulasitiki lija pomanga. Vuto limeneli silitha ndi penti, ndipo palibe landilodi amene angalikonze inu muli momwemo. Chipinda chotere chisiyeni, kapena chitengeni mukudziwa kuti matiresi, nsapato ndi mabuku zidzachita chuku. Gogodani felemu ya chitseko ndi kiyi. Ikamveka yopanda kanthu m'kati, chiswe chadya kale ndipo loko wabwino bwanji sagwira pa thabwa lofumbwa. Tsegulani mpopi. Lowetsani chaja m'soketi iliyonse. Ku chimbudzi musangosuzumira, lowani ndithu: onani ngati silabu yang'aluka, ngati dzenje latsala pang'ono kudzaza, ndiponso kumene madzi a kubafa amathera.

Amene akukhala kale pa mpandapo ndiwo akudziwa zoona. Musawafunse kuti "pano pali bwino?" chifukwa aliyense amayankha kuti eya. Afunseni kuti mvula ikamagwa usiku amasuntha bedi kapena ayi, komanso kuti chinthu chomaliza chimene anadandaula chinatenga masiku angati kuti chikonzedwe.

Dziwaninso amene ali ndi mphamvu yotulutsa ndalama. Dobadoba amene wakupezerani chipinda akangolandira yake, za denga sizimukhudzanso. Woyang'anira mpanda, amene nthawi zambiri amakhala mphwake kapena mlamu wa mwini nyumba, amatolera lendi koma sangagule ngakhale kilo ya misomali popanda kuuzidwa. Eni ake mwina ali ku Blantyre, ku Lilongwe kapena ku Joni. Tengani nambala yawo ndipo muwalankhule kamodzi musanalowe.

Zonse zimene mwaona zilembedwe. Sizifuna loya kapena chidindo; tsamba la kope likukwana. Lembani lendi ndi tsiku lolipira, dipoziti ngati ilipo, wolipira mayunitsi ndi bilu ya madzi, zinthu zimene zapezeka zowonongeka kale, tsiku limene zidzakonzedwe, wokonza zimene zidzawonongeke m'tsogolo, ndi kutalika kwa notisi mbali zonse ziwiri. Musayine nonse, mboni imodzi isayinenso, aliyense ajambule tsambalo pa foni. Pangano la pakamwa nalonso ndi pangano, koma tsiku la mkangano aliyense amakumbukira zomukomera.

Ngati pali chofunika kukonza musanalowe, musalipire semesita yonse pa lonjezo. Perekani gawo lina lero, lotsalalo loko akaikidwa kapena lata likasinthidwa, ndipo zimenezi zilowe pa tsamba lija. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwamphepo. Lipirani kudzera pa Airtel Money, Mpamba kapena ku banki kuti pakhale umboni. Akakonda ndalama ya pamanja, khalani ndi kabuku ka lendi koti azisayinamo nthawi iliyonse.

Chawonongeka. Ndi udindo wa ndani?

Chimene munalemberana ndicho chikulamulira. Pamene simunalembe kanthu, anthu ambiri amagwirizana motere: za thupi la nyumba, monga denga, makoma, pansi, zitseko, mawindo, mawaya a m'khoma, mapaipi, chimbudzi ndi mpanda, n'za mwini nyumba, pamodzi ndi chilichonse chimene chatha chifukwa cha kukalamba. Babu likapsa, kiyi mukataya, galasi mukaswa, sinki ikatsekeka ndi makoko a nsima kapena tsitsi, zimenezo n'zanu, ndipo musavutitse nazo munthu. Wa lendi amene amaimba foni usiku chifukwa cha babu, tsiku limene denga lasasuka samveredwanso msanga.

Pali zina zimene si za inu kapena za alandilodi. Polo, waya wochokera pa polo ndi mita ya magetsi n'za ESCOM. Vuto likakhala kumeneko, aliyense angathe kukanena, bola akhale ndi nambala ya mita. Kumene madzi ndi a Southern Region Water Board, bungweli limayang'anira mpaka pa mita, ndipo kuchokera pa mita kulowa mu mpanda ndi za mwini nyumba. Bilu ikamakwera mosadziwika bwino, tsekani mipopi yonse mu mpandamo n'kukayang'ana mita. Ikamayendabe, paipi yaphulika pansi penapake, ndipo ngati bilu mumagawana, madzi otayikawo mukulipira ndinu.

Zimene sizidikira mawa

Magetsi ndiwo oyamba. M'mipanda yambiri ya ophunzira mita imakhala imodzi, mawaya anaikidwa poganizira mababu ndi wailesi, koma madzulo chipinda chilichonse chayatsa hotipuleti, ketulo ndi ayironi. Soketi ikada m'mbali, ikamatentha, ikamathetheka, kapena mukamva fungo la pulasitiki wopsa, zimitsani pa meni switchi nthawi yomweyo, kenako n'kumaimba foni. Chimodzimodzi mpopi, chitseko cha chitsulo kapena mabagala a pa windo akamagwira shoko, kapena madzi a denga akamadonthera pa babu. Buleka, kaswitchi kamene kamazimitsa magetsi kokha pakakhala vuto, ikamagwa pafupipafupi ikugwira ntchito yake. Ikukuuzani kuti mawaya alemedwa kapena pali pamene pakukhudzana. Musalole mnyamata wina wa pa mpanda, ngakhale akuphunzira za uinjiniya, kuti aidumphitse ndi waya. Kugwira mita ya ESCOM kapena kulumikiza magetsi mozembera mita ndi mlandu, ndipo akadzadula, mu mdima mudzakhala ndinu.

Chachiwiri ndi khoma ndi chimbudzi nthawi ya mvula. Amene anaona namondwe Freddy mu Malichi 2023 ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo sakufunika kuuzidwa mmene khoma la njerwa zomangira dothi limagwera likamwa madzi masiku angapo. Mng'alu waung'ono wa pulasitala si kanthu. Woopsa ndi wodutsa khoma lonse mpaka kuonekera kunja, wotsata pakona, kapena umene ukukula. Lembani mzere ndi pensulo pamene mng'alu wathera ndi deti lake; mukapeza kuti wapitirira mzerewo, kapena chitseko chimene chinkatsekeka bwino chayamba kukanika, musagonemo. Kagoneni kwa mnzanu, nkhani ya lendi idzakambidwa muli moyo. Chimbudzi chokumba chimene dothi la m'mbali mwake layamba kutitimira chisagwiritsidwenso ntchito, ndipo chodzaza kapena chosefukira si nkhani ya fungo lokha. Kolera ya mu 2022 ndi 2023 inapha anthu opitirira 1,700 m'dziko muno.

Chachitatu ndi chitseko chosakiyika. Muli ndi laputopu, foni, mwinanso mumagona nokha. Hasipu ndi loko wapamanja gulani lero lomwe, sungani lisiti, zokambirana zibwere pambuyo.

Sonkhanitsani umboni, makamaka wa denga

Madzi a denga ali ndi chinyengo. Amalowa pa bowo lina, n'kuyenda motsata thabwa, n'kukadonthera kutali. Kalipentala akabwera dzuwa likuswa mtengo, mukangomulozera pamene pamanyowa, amamata pamwamba pa malo omwewo, mvula ina ikabwera madzi ali pompaja. Ndiye mvula ikamagwa, tengani tochi ya pa foni, tsatani dontho kubwerera m'mbuyo mpaka pamene likuyambira, ndipo lembani chizindikiro ndi choko pa thabwa kapena pa lata. Pansi pamene pakudonthera zungulizaninso ndi choko. Onani kumene mphepo ikuchokera, chifukwa denga lina limadontha pokhapokha mvula ikabwera chammbali, ndipo pamenepo vuto si bowo koma malata amene sanapitirirane mokwanira. Jambulani vidiyo yaifupi madzi akugwera mu beseni, ndi zithunzi za katundu amene wanyowa. Kumbuyo kwa kabuku ka lendi lembani deti limene vuto layamba.

Kauzeni, pamaso poyamba

Kuno uthenga wa pa foni wongofika mwadzidzidzi, wopanda moni, wodzaza ndi madandaulo, umamveka ngati mwano, ndipo munthu wamkulu akaona kuti mwana wa sukulu wamuderera, amauma mtima ngakhale akudziwa kuti denga likudonthadi. Ngati eni nyumba ali pafupi, pitani. Odini, perekani moni, khalani pansi akakupatsani mpando. Musapite akudya, ali ndi alendo, kapena kunyumbako kuli zovuta. Nkhani yake iyambe ndi nyumba yawo, osati mavuto anu: "Mayi, ndabwera kudzakudziwitsani kuti denga la chipinda chija likudontha, ndipo madzi ayamba kuwononga siling'i. Ndinati mudzaone lisanafike poipa." Landilodi amene sangasunthe chifukwa cha matiresi anu amasuntha akamva kuti bolodi ndi matabwa ake akuwola. Apempheni adzaone ndi maso, ndipo akafika aonetseni choko chija.

Musachoke ndi "tiona" kapena "mawa". Funsani mwaulemu kuti, "Ndiye kalipentala tiziyembekezera tsiku liti, kuti ndidzakhalepo ndimutsegulire?" Funso limeneli silinyoza munthu, koma limafuna tsiku. Tsiku lomwelo madzulo tumizani uthenga wotsimikiza zimene mwagwirizana, pa WhatsApp kapena wamba:

"Mwaswera bwanji mayi. Ndine wa m'chipinda chachitatu, chakufupi ndi bafa. Monga tinakambirana m'mawa muja, denga likudontha malo awiri, pamwamba pa bedi ndi pakona ya kuwindo. Zithunzi ndi izi. Munati kalipentala abwera Loweruka, ndiye ndidzakhalapo m'mawa wonse. Zikomo kwambiri."

Uthengawu ukuoneka wa ulemu chabe, koma muli deti, vuto, zithunzi ndi lonjezo. Nkhani ikadzafika kwina, umboni wanu ndi umenewu. Mukalankhula ndi woyang'anira mpanda, uthenga womwewo upitenso kwa eni ake, chifukwa pena eni nyumba amatumiza ndalama yokonzera koma imathera panjira, ndipo iwo akuganiza kuti zonse zili bwino.

Vuto likakhala la mpanda wonse, monga chimbudzi, mpopi kapena geti, khalani pansi nonse, lembani zinthu zake motsatana ndi kufunika kwake, ndipo musankhe anthu awiri okalankhula. Awiri, osati gulu lonse. Anthu khumi akaima pa khomo la munthu, nkhani imasanduka yoti ana a sukulu andiukira. Komanso musapite ndi zinthu khumi ndi ziwiri. Tengani zitatu zikuluzikulu, zinazo mudzazitchule ulendo wina. Nthawi yabwino ndi sabata imodzi kapena ziwiri tsiku la lendi lisanafike, kapena pamene ndalama za ngongole ya boma ya ophunzira zatsala pang'ono kutuluka. Alandilodi amadziwa bwino nthawi imeneyi kuposa inu.

Tsiku ladutsa, mmisiri sanabwere

Kumbutsani kamodzi. Zikakanikabe, apa ndi pamene ambiri amangokhala chete n'kugula beseni lina, pomwe pali njira imene imagwira ntchito kawirikawiri: inu mukonzetse, ndalamayo idzachotsedwe pa lendi. Kwa landilodi wopanda ndalama ya pamanja, iyi ndi njira yopepuka, chifukwa satulutsa kanthu m'thumba. Koma ili ndi ndondomeko yake, ndipo mukaidumpha mutaya ndalama.

Poyamba pezani mtengo weniweni. Itanani mmisiri adzaone, akulembereni zipangizo padera ndi ndalama ya ntchito yake padera. Zipangizozo kafunseni nokha ku hadiweya, ku Goliati, ku Luchenza, pa Chitakale kapena pa boma pa Thyolo, kulikonse kumene kuli kufupi. Mtengo wa miyezi itatu yapitayo musaudalire. Kuchokera pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, aliyense anaona mmene simenti ndi malata zimasinthira mitengo. Funsani alandilodi ngati ali ndi mmisiri wawo. Ambiri amakonda wawo, ndipo ndi bwino kuwalola, chifukwa ntchito ikalakwika sadzaloza inu.

Mukatero lemberanani musanagule kanthu. Ndalama ili apayi ndi yongoyerekeza:

"Ine mwini nyumba ndavomera kuti wa m'chipinda chachitatu agule misomali ya malata ndi phula, ndi kulipira kalipentala, zonse pamodzi zosapitirira K40,000. Ndalamayi idzachotsedwa pa lendi ya mwezi wa Malichi akaonetsa malisiti."

Asayine, kapena ayankhe pa foni kuti avomera. "Pangani, tidzaonana" wa pakamwa sakukwana, chifukwa mwezi ukatha mudzamva kuti, "Ine ndinati mukonze, sindinati muchotse pa lendi." Ngati munalipira kale semesita yonse, lembani kuti idzachotsedwa pa semesita yotsatira kapena idzabwezedwa pa tsiku lakuti. Ngati mukumaliza sukulu chaka chomwecho, njira imeneyi ichiteni pa zinthu zing'onozing'ono zokha, poti mukachoka kulondola ndalama kuchokera ku Mzuzu kapena ku Nsanje n'kovuta. Mukasonkherana ndi amesho anu (anzanu ogona nawo chipinda chimodzi) kapena a zipinda zina, lembani amene wapereka zingati.

Zipangizo gulani nokha ndi kutenga lisiti. Mmisiri musamupatse ndalama yonse asanayambe. Mukatero mudzamusaka m'misika. Za magetsi zigwiridwe ndi munthu amene ali ndi chiphaso chochokera ku MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta m'dziko muno, osati aliyense amene ali ndi pulayazi ndi tesita.

Pa tsiku la ntchito khalanipo. Pa denga, misomali imakhomedwa pamwamba pa msana wa lata, osati m'ngalande mmene mumayenda madzi, ndipo uliwonse ukhale ndi karabala kake kotseka bowo. Mabowo ang'onoang'ono amamatidwa ndi phula pa lata louma ndi lopukutidwa bwino. Zomata ndi sopo kapena pulasitiki wosungunula zimagwira mpaka dzuwa la Okutobala lokha. Lata limene ladyeka ndi dzimbiri silimatika, lisinthidwe. Aonenso lata lopinda la pamsonga pa denga, chifukwa mphepo ikalitukula pang'ono, madzi amalowa pamzere wonse. Asanatsike, mupatseni ndowa ziwiri za madzi athire pamene wakonza, inu muli m'kati mukuyang'ana choko chija. Ndalama yotsala iperekedwe madzi akapanda kulowa. Ngati wasintha thabwa lodyedwa ndi chiswe, latsopanolo lipakidwe mankhwala, apo ayi chaka chamawa mudzakhala pomwepo. Pomaliza jambulani ntchitoyo ndi malisiti, tumizani kwa eni nyumba tsiku lomwelo.

Akakana zonse

Maganizo oyamba amene amabwera ndi oti tingosiya kulipira. Musatero panokha. Mukasiya kulipira popanda mgwirizano, wa ngongole mumakhala inu, ndipo kulikonse kumene nkhani idzapite funso loyamba lidzakhala loti lendi munalipira kapena ayi. Chimene mungachite ndi kukana kulipiriratu miyezi yambiri pamene nthawi yokonzanso pangano yafika, kapena kupempha kuti lendi itsike pa nthawi imene chipinda kapena chimbudzi sichikugwira ntchito, nazonso zolembedwa.

Lembani kalata yaifupi: vuto, deti limene munanena koyamba, malonjezo amene anaperekedwa, ndi tsiku lomaliza limene mukupempha kuti ntchito ichitike, monga pakatha masiku 14 pa zinthu zosaopsa moyo. Musaikemo mawu oopseza. Sungani kope yake.

Kenako pitani ku ofesi yoona za umoyo wa ophunzira pa sukulu panu, imene m'mayunivesite imakhala pansi pa Dean of Students, ndi ku bungwe la ophunzira. Iwo sangalamule munthu pa nyumba yake, koma landilodi amene bizinesi yake yonse ndi ana a sukulu imodzi safuna kuti dzina lake lidziwike moipa kumeneko, ndipo foni imodzi yochokera ku ofesi imatha kuchita zimene mauthenga anu khumi analephera. Ngati eni nyumba ndi a m'mudzi momwemo, anyakwawa kapena agulupu amathandiza kwambiri, ndipo ophunzira ambiri saganizako n'komwe. Pitani mwaulemu, ndi munthu wamkulu wa pamudzipo ngati mungampeze, ndipo mukapemphe kuti akuyanjanitseni, osati kuti akalange munthu. Nkhani ya chimbudzi chodzaza, madzi oipa osefukira kapena zinyalala ndi ya alangizi a zaumoyo a m'deralo ndi ofesi ya zaumoyo ya boma. Amenewa ntchito yawo ndi yoyendera malo otere. Mukaopsezedwa, mukatsekeredwa kunja katundu ali m'kati, munthu akazula chitseko kapena kutenga laputopu yanu mwa mphamvu, pitani ku polisi. Atsikana, landilodi kapena woyang'anira mpanda akayamba zoti "bwera usiku tidzakambirane za loko", imeneyo si nkhani ya lendinso. Sungani mauthengawo, kauzeni a ku sukulu ndi a Victim Support Unit ku polisi.

Pa za ndalama, monga dipoziti yokanizidwa kapena katundu wowonongeka chifukwa cha vuto limene munanena kalekale, kuli khoti la majisitireti pa boma pa Thyolo ndi pa Mulanje, ndipo a Legal Aid Bureau amathandiza anthu amene sangathe kulipira loya. Kunena zoona, pa ndalama yochepa, nthawi ndi thiransipoti zimatha kuposa chimene mukulondola, ndiye yesani kaye njira zinazo. Koma mukafika kumeneko, kabuku ka lendi, tsamba la kope lija, mauthenga ndi malisiti ndizo zidzakulankhulireni.

Kuchenjeza anzanu m'magulu a WhatsApp a ophunzira kuti mpanda wakuti uli ndi vuto n'kololedwa, bola munene zimene zinachitikadi ndi zimene muli nazo umboni. Kutukwana munthu kapena kumuika pa Facebook ndi mawu onyoza kungakugwetseni m'mavuto, chifukwa lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kuzunza kapena kunyoza munthu kudzera pa intaneti. Mukhoza kupezeka woyankha mlandu ndinu, denga likudonthabe.

Holide ndi tsiku lotuluka

Ntchito zikuluzikulu, monga kusintha malata ambiri, kukumba chimbudzi china kapena kuikanso mawaya, zimayenda bwino pa holide, makamaka ikagwa m'chilimwe. Musanapite kwanu, perekani mndandanda wa zofunika kukonza, ndipo munene poyera kuti lendi ya semesita yotsatira mudzapereka mukadzaona kuti zachitika. Ngati mukusiya katundu m'chipinda chimene amisiri adzalowemo, mulembeni, mujambuleni, ndipo za mtengo wapatali mutenge. Matiresi aimikeni, asagunde khoma, mabuku akhale pamwamba.

Mukaganiza zosamuka, perekani notisi yolembedwa monga munagwirizanirana, kawirikawiri ya mwezi umodzi. Chipinda chatsopano kachioneni musanapereke notisiyo, chifukwa sukulu ikangotsegula malo amasowa ndipo mitengo imakwera. Pa tsiku lotuluka sesani, kolopani, itanani eni nyumba kapena woyang'anira muyendere limodzi chipindacho muli ndi zithunzi za tsiku limene munalowa. Penti yofwifwa ndi pansi pokutha chifukwa choyendapo si zochotsera dipoziti. Galasi limene munaswa ndi kiyi amene munataya, zimenezo vomerani zichotsedwe. Werengani mita ya madzi ndi mayunitsi otsala, lembani zonse pa tsamba lomaliza la kabuku ka lendi, ndipo ngati dipoziti sakubweza pompo, alembe ndalama yake ndi tsiku lobweza n'kusayina musanapereke makiyi.